Cikombole ca Bowo Pakati: Cida Cimene Eni Ake Anatsala Pang'ono Kucitaya

PA kitchen party iliyonse ya masiku ano m'mizinda yathu, mulu wa mphatso za mkwatibwi susowa zida zophikira makeke. Mumapezeka zikombole zooneka ngati mtima, timipeni topakira zonona, timilomo tacitsulo tolembera maluwa, ndiponso makina a magetsi amene adziwa nchito imodzi yokha, monga kuphika madonasi. Alangizi amaimba, amai amabvina, mkwatibwi nalandira zonse mogwada. Koma pakapita caka, zambiri mwa zidazi zimakhala zili gone pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu, pamene keke ya m'nyumbamo ikali kupserera m'mbali ndi kukhala yaiwisi pakati.

Nkhani imeneyi ingaoneke yaing'ono kwa amene adya keke pa Khirisimasi pokha. Koma pali amai ambiri, ndi abambo omwe, amene ndalama za sukulu ndi za nyumba azipeza mwa kuphika makeke a maukwati ndi a masiku obadwa. Kwa iwo keke imodzi ikaonongeka, ufa, mazira, shuga ndi majarini zapita, ndipo nthawi zina wogula wapita nazo pamodzi. Cotero nkoyenera kufunsa kuti mwa zida zonse zacilendo zodzaza m'masitolo, ndi ziti zimene zithandizadi.

Pali cida cimodzi cimene mbiri yake ingatiphunzitse kusankha. Ndico cikombole, kapena kuti tini ya keke monga ambiri anenera, cokhala ndi bowo pakati ndi mizere m'mbali, cimene Azungu amati Bundt.

Pempho la amai a ku Minneapolis

Nkhani yake iyambira mu mzinda wa Minneapolis, m'cigawo ca Minnesota ku Amerika. M'caka ca 1946 bambo wina dzina lake H. David Dalquist, atabwerako ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kumene anatumikira m'gulu la asilikali a panyanja, anayamba kampani yaing'ono pamodzi ndi mkazi wake Dorothy. Anayambira m'cipinda ca pansi pa nyumba yao, ndi madola 500 cabe. Kampaniyo ndiyo Nordic Ware, ndipo poyamba inali kupanga ziwiya zophikira zakudya za anthu ocokera ku Sweden ndi ku Norway, amene ali ambiri m'dera limenelo.

M'caka ca 1950 amai ena a bungwe la akazi aciyuda la Hadassah, mmodzi wa iwo ali Rose Joshua, anafika kwa Dalquist ndi pempho. Iwo anali kulakalaka keke ya makolo ao ya ku Ulaya, imene ku Germany ndi ku Austria amati Gugelhupf. Keke imeneyi ndi yolemera, ya mazira ndi mafuta ambiri, ndipo kwao anali kuiphikira m'zikombole zadothi kapena zacitsulo colemera zokhala ndi mpope pakati. Zadothizo zinali zosweka msanga, ndipo ku Amerika sizinali kupezeka. Dalquist anawapangira cikombole copepuka ca aluminiyamu. Dzina analitenga ku mau a Cijeremani akuti Bund, naonjezerako cilembo ca t kuti alilembetse ku boma monga cizindikiro ca malonda ake.

Amai aja anakondwa, koma anthu ena onse sanacilabadire. Kwa zaka zoposa 15 malonda a cikomboleci anayenda mokwawa, kufikira eni kampani anayamba kuganiza zoleka kucipanga.

Zinthu zinatembenuka m'caka ca 1966. Kampani ya ufa ya Pillsbury inali ndi mpikisano waukulu wa zophikaphika, ndipo caka cimeneco mai wina wa ku Houston, Texas, dzina lake Ella Helfrich, anapikisana ndi keke ya cokoleti yophikira m'cikombole ca Bundt. Keke yake inapatsidwa dzina lakuti Tunnel of Fudge, cifukwa ukaidula unali kupeza mkati mwake mzere wa cokoleti cofewa wozungulira keke yonse ngati una wa mbewa. Mai Helfrich sanapambane mphotho yoyamba. Anakhala waciwiri, nalandira madola 5,000. Koma keke imene anthu anaikumbukira ndi yake. Kampani ya Pillsbury inalandira mafunso oposa 200,000 ocokera kwa anthu ofuna kudziwa kumene angagule cikombole cotere, ndipo fakitale ya Dalquist inafika popanga zikombole 30,000 pa tsiku. Kucokera nthawi imeneyo zagulitsidwa zoposa 60 miliyoni. Dalquist anamwalira m'caka ca 2005, ndipo mu 2007 zina mwa zikombole zake zoyamba zinasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington.

Taonani kuti cikomboleco cinali cimodzi-modzi mu 1950 ndi mu 1966. Cimene cinasowa pa zaka zonsezo ndi munthu woonetsa anzake cophikamo. Cida ciliconse cimene cabwera m'nyumba popanda wodziwa nchito yake cimatsirizira pamwamba pa kabati, ngakhale cikhale cabwino cotani.

Nchito ya bowo

Ambiri aganiza kuti bowo lija ndi lokongoletsa cabe. Iai, lili ndi nchito. Kutentha kumalowa mu keke kucokera kunja, ndipo kumayenda pang'ono-pang'ono kupita mkati. Mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi yofunika kuti kutenthako kufike imawirikiza pafupi-fupi kanai. Tiyerekeze tini ya masentimita 24 m'mimba mwake. Pakati pa keke pali pa mtunda wa masentimita 12 kucokera ku khoma la tini. Tsopano ikani pakatipo mpope wa masentimita 6. Keke yasanduka mkombero wa masentimita 9 m'lifupi mwake, ndipo malo akutali kwambiri ndi citsulo ali pa masentimita 4 ndi theka basi.

Pa keke yopyapyala zimenezi zilibe kanthu kweni-kweni, pakuti kutentha kocokera pansi ndi pamwamba kumakumana msanga. Koma pa keke yaitali ndi yolemera, monga ya nthoci, ya zipatso zouma kapena ya mafuta ambiri, m'mbali mumapsa pamene pakati pakali phala. Wophika akadikira kuti pakati papse, m'mbali mwauma ndi kuda. Akaphula msanga, pakati pamagwa. Amai a ku Ulaya aja anathetsa bvutoli mwa kucotseratu pakatipo.

Mizere ya m'mbali nayonso si ya maonekedwe okha. Imaonjezera malo amene keke ikhudzana ndi citsulo, motero khungu lofiirira lonunkhira limacuruka. Kwa wogulitsa keke yoduladula, mizereyo imatsogolera mpeni kuti zidutswa zilingane. Ndiponso keke yotere siifuna zonona zambiri. Madzi a mandimu osakaniza ndi shuga wosalala wa icing, kuthira pamwamba kuti ayenderere m'mizere, akwanira. Amene anaonapo maluwa a majarini akusungunuka pa ukwati wa mwezi wa October adziwa phindu la zimenezi.

Mphika wa m'nthawi ya usiwa

Nzeru ya bowo inafika patali koposa m'dziko la Israel. Kucokera mu 1949 kufikira mu 1959 dzikolo linali pa umphawi, cakudya cinali cogawira ndi makuponi, ndipo mabanja ambiri analibe uvuni. Anali kuphika pa timbaula ta parafini. M'zaka zimenezo munafala mphika umene m'cinenero cao amati sir pele, ndiko kunena kuti mphika wodabwitsa. Unali ndi mbali zitatu. Pansi panali cimbale cacitsulo cokhuthala ca bowo pakati, cokhazika pamoto. Pamwamba pake panali mphika wa aluminiyamu wa mpope pakati, wofanana ndi Bundt koma wosalala. Kenaka cibvundikiro cacitali cokhala ndi timabowo totulutsira nthunzi.

Cimbale ca pansi cinali kuletsa lawi kuti lisanyambite mphika. Mpweya wotentha unali kukwera mumpope muja, kugunda cibvundikiro, ndi kubwerera pamwamba pa keke. Motero moto umodzi wa pansi unali kuphika pansi, pakati ndi pamwamba pomwe. Mphika umenewu unaphika makeke a mabanja a kumeneko kufikira m'zaka za m'ma 1970, pamene mauvuni anacuruka. Kampani ina ya ku Sweden ikali kugulitsa mphika wa mtundu womwewo wa dzina lakuti Omnia, umene ugulidwa ndi anthu oyenda maulendo a m'mabwato ndi ogona m'misasa.

Kwa ife nkhani ya mphika wopanda uvuni si yacilendo. Agogo athu a kum'mawa akhala akuphika cikondamoyo ndi cigumu mumphika wa makala pansi ndi makala pa cibvundikiro kuyambira kale, ndipo palibe anawapatsa mphotho. Koma a m'mizinda, amene anazolowera kungotembenuza kabatani ka sitovu, anakumbutsidwa mwaukali m'caka ca 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba, kumene kucokera gawo lalikulu la magetsi athu, anatsika koopsya, kotero kuti pofika mwezi wa September mabanja ambiri anali kuona malaiti kwa maola atatu cabe pa tsiku, kawiri-kawiri pakati pa usiku. Makina osakanizira ndi mauvuni a mtengo wapatali anangoti zii. Amene anapitiriza kutumiza makeke kwa ogula ndi aja anali ndi gasi kapena odziwa kulamulira mbaula.

Uvuni wa pa mbaula

Kuphika keke pa mbaula kufuna poto yaikulu yokhala ndi cibvundikiro cacitsulo cokwana bwino, yoti tini ya keke ilowe ndi kutsala mpata wa zala ziwiri m'mbali monse. Pansi pa potoyo thirani mcenga wa kumtsinje woyera ndi wouma, wokhuthala masentimita 2 kapena 3, ndipo pamwamba pa mcengawo ikani timiyala titatu tofanana ngati mafuwa. Mcenga umasunga kutentha ndi kukugawa mofanana. Timiyala timanyamula tini kuti mpweya wotentha upite pansi pake, ndipo ngati tiniyo ndi ya bowo, mpweyawo umakwera mumpope monga mwa mphika wa ku Israel uja.

Bvundikirani poto ndi kuitenthetsa mphindi 10 kapena 15 musanaikemo keke. Kuti mudziwe ngati yatentha mokwanira, wazani ufa pang'ono pa kambale kacitsulo ndi kukaika mkatimo. Ufawo ukasanduka wofiirira ngati nshawa zokazinga bwino pakatha mphindi 5, moto uli pa muyeso wa keke. Ukada, cepetsani makala. Ukakhala woyera, dikirani.

Colakwa ca ambiri ndico kusiya mbaula yodzaza ndi makala monga pophika nsima. Keke ifuna moto wocepa pansi. Mwa magawo atatu a makala oyaka, awiri apite pa cibvundikiro, limodzi lokha litsale pansi, ndipo akhale makala amene ayamba kuyera phulusa, osati a malawi. Pa mphindi 25 zoyamba musabvundukule, ngakhale mtima ukhale m'mwamba cotani, cifukwa mphepo yozizira ikalowa keke isanalimbe imagwa. Pambuyo pake tembenuzani poto pang'ono kuti mbali zonse zilandire moto. Keke ya mazira 4 m'tini ya bowo imapsa pakati pa mphindi 40 ndi 50. Lasani ndi kamtengo koyera, ndipo kakaturuka kouma, phulani.

Cenjezo limodzi tisalilumphe. Mbaula isayake m'cipinda cotseka mazenera. Makala amaturutsa mpweya wakupha umene ulibe pfungo kapena mtundu, ndipo caka ndi caka m'nyengo yozizira timamva za mabanja ogona osadzukanso. Phikirani pakhonde kapena panja, pamalo pobisika ku mphepo.

Nanga amene alibe tini ya bowo? Tengani kacitini ka cakudya kopanda kanthu, monga ka mkaka kapena ka nyemba, cotsani pepala ndi ulimbo wake, tsukani, kulungani kunja kwake ndi pepala la foil ndi kupaka mafuta. Kaimikeni pakati pa tini yanu ya masiku onse, ndipo muikemo timiyala toyera kuti phala la keke lisakanyamule. Mpweya sudzakwera m'menemo monga mu Bundt yeni-yeni, popeza pansi pa tini mpotseka, koma pakati paja pobvuta kupsa mwapacotsa. Zitini za penti, za mafuta a galimoto kapena za mankhwala a m'munda zisayandikire cakudya, ngakhale mutazitsuka kangati.

Kuturutsa keke m'cikombole ca mizere ndi pamene ambiri amalira. Pakani mafuta mumzere uliwonse ndi pa mpope pomwe, wazani ufa ndi kugugudira wotsala. Phala lidzaze magawo awiri mwa atatu a tini. Keke ikapsa, ilekeni ipume mphindi 10, kenaka bvundikirani ndi mbale ndi kutembenuza. Mukafulumira imanyenyeka cifukwa ikali yofewa, ndipo mukacedwa shuga amazizira ndi kuimamatiza ku citsulo.

Bvuto limene silicokera ku cida

Pali cinthu cina cogwetsa makeke m'dziko muno cimene ophika ambiri sacidziwa, ndipo amangonamizira uvuni, ufa kapena dzanja la munthu. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mizinda ya ku Migodi nayonso ili camomwemo. Pamalo okwera motere mpweya ndi wopepuka. Madzi amawira pa madigiri pafupi-fupi 96 m'malo mwa 100, ndipo amauma msanga. Timathobvu ta mpweya timene baking powder amapanga mu keke timakula mofulumira, popeza palibe cotipanikiza kwambiri. Keke imafufuma mokondweretsa, koma ufa ndi mazira zisanalimbe kuti ziigwire, timathobvuto timaphulika, pakati nipagwa.

Malangizo ambiri a m'mabuku ndi a pa intaneti analembedwa ku London, ku New York kapena ku Cape Town, mizinda yotsika ya kufupi ndi nyanja yamcere. Akatswiri a pa Colorado State University ku Amerika, amene dera lao ndi lamapiri, analangiza kuti kuyambira pa mamita 900 kupita m'mwamba muyeso usinthidwe. Kwa ife a pamtunda uno ndiye kuti pa supuni yaing'ono iliyonse ya baking powder ticotseko gawo limodzi mwa magawo 8, kapena kuposerapo pang'ono. Pa kapu iliyonse ya shuga ticotseko supuni yaikulu imodzi. Pa kapu iliyonse ya mkaka kapena madzi tionjezere masupuni aakulu awiri kapena atatu. Uvuni tiutenthetse ndi madigiri 10 kuposa olembedwa, ndi kuyang'ana keke msanga. Okhala m'cigwa ca Luangwa kapena ku Chirundu, kumene ndi kotsika, angatsate buku monga lili.

Apa mpamene tifika pa cida cimene ife tiona kuti ciposa zonse, ngakhale kuti palibe amabvina naco pa kitchen party. Ndico sikelo. Kapu ya ufa ingalemere magalamu 120 kapena 150, malinga ndi mmene dzanja latapira, ndipo kusiyana kumeneko nkokwanira kusandutsa keke yofewa kukhala njerwa. Bvutoli ndi lakale. Baking powder anayamba kupangidwa ndi Alfred Bird wa ku Birmingham mu 1843, cifukwa mkazi wake anali kudwala akadya mkate wa yisiti. Koma amene analemera nayo kwambiri ku Ulaya ndi August Oetker wa ku Bielefeld, Germany, amene mu 1893 anayamba kuigulitsa m'timapepala toyezeratu, kamodzi kokwanira magalamu 500 a ufa. Anthu anali kugula muyesowo. Ku Amerika, Fannie Farmer anadziwika ndi buku lake la 1896 cifukwa coumirira kuti kapu ndi supuni zizisalazidwa pamwamba ndi mpeni.

Wopanda sikelo asataye mtima, pakuti mazira omwe angakhale miyala yoyezera. Kolekani hang'ala ya zobvala pa msomali, ndipo ku mathero ake awiri mangani timatumba tofanana. M'kathumba kamodzi ikani mazira 4 osaswa. M'kena thirani ufa kufikira hang'ala itaima mowongoka. Citani cimodzi-modzi ndi shuga, ndiponso ndi majarini. Afalansa keke imeneyi amati quatre-quarts, kutanthauza magawo anai olingana, ndipo Angelezi ayeza motero keke yao ya Victoria. Ubwino wake ngwakuti mazira a nkhuku za kumudzi, amene ndi aang'ono, amadzicepetsera okha ufa ndi shuga. Takasani majarini ndi shuga kufikira zitayera, swerani mazira limodzi-limodzi, ndipo potsiriza sanganizani mofatsa ufa wosefa pamodzi ndi masupuni aang'ono awiri osalaza a baking powder ndi mkaka pang'ono. Pa maziko amenewa mungaonjezere khungu la ndimu lopala, nshawa zokazinga zosinja, kapena kuyala zidutswa za cinanazi kapena za mango pansi pa tini kuti keke ikatembenuzidwa zikhale pamwamba.

Za zida zina

Kacipangizo koyezera kutentha kwa uvuni nako nkoyenera ndalama zake, cifukwa manambala olembedwa pa sitovu kawiri-kawiri amanama, maka-maka sitovu ikakalamba. Pali njira yoyesera popanda kugula kanthu. Shuga amasungunuka pa madigiri pafupi-fupi 186. Ikani supuni ya shuga pa kambale mu uvuni wotenthetsa pa 180 kwa mphindi 15. Akasungunuka, uvuni wanu utentha koposa zimene unena. Akakana kusungunuka ngakhale pa 190, uvuniwo ngwozizira.

Zikombole zofewa za silicone zimakopa maso ndi mitundu yao, ndipo keke imaturukamo mosabvuta. Koma sizipititsa kutentha bwino monga citsulo, motero khungu la keke limakhala lotumbuluka, ndipo zambiri zimalekeza pa madigiri 220 kapena 230. Pafupi ndi makala zisafike. Cimodzi-modzinso matini okutidwa ndi utoto wosamatirira cakudya, umene umayamba kuonongeka kutentha kukapitirira madigiri 260, pamene khala loyaka limatentha kuwirikiza pamenepo. Mbale zagalasi za mu uvuni zimasweka zikakhudza moto weni-weni. Pa mbaula, aluminiyamu wamba ndiye bwenzi.

Makina a air fryer, amene kampani ya Philips inaonetsa koyamba ku Berlin mu 2010, afala kwambiri m'nyumba za m'mizinda. Kunena zoona ndi kauvuni kakang'ono kokhala ndi copemerera mphepo. Amaphika keke yaing'ono bwino ndithu, ndipo amatentha msanga, cimene cithandiza malaiti akabwera kwa kanthawi. Koma pamwamba pa keke pamafiira mofulumira, cotero tsitsani kutentha ndi madigiri 20, ndipo panonso tini ya bowo imathandiza. Amene ali ndi abale ku Amerika acenjere ndi mphatso za magetsi. Kumeneko makina apangidwira mphamvu ya mavoti 120, pamene kuno ndi 230, ndipo kuwalumikiza mwacindunji ndiko kuwaocha tsiku lomwelo.

Makina ophika cinthu cimodzi cokha, timabokosi ta timilomo 50 pamene wophika agwiritsa nchito titatu, ndi zodindira zilembo zimene zisoweka cimodzi-cimodzi, zonsezi ife tiziika m'gulu la zoseweretsa. Kathumba kolimba kodula pangodya kamalemba dzina pa keke. Foloko imajambula mizere. Pepala lodula maluwa ndi lumo, kuliyala pa keke ndi kusefera shuga wosalala pamwamba, limasiya cithunzi cimene ana amacizungulira ndi maso. Wogulitsa makeke a maukwati angafune makina osakanizira ndi mbale yozungulira yokongoletserapo, pakuti kwa iye nthawi ndi ndalama. Koma agule nchito itakula, osati poyembekezera kuti makinawo ndiwo adzabweretsa ogula.

Mau kwa amisiri a m'misika

Cotidabwitsa ncakuti amisiri athu, amene amasula mbaula, ndowa ndi mapoto m'misika ya Lusaka, Chipata ndi Kitwe, sanautengere mtima mphika wa bowo uja. Mapangidwe ake sapambana luso lao. Cimbale ca pansi cingakhale ca citsulo cokhuthala, cokula pang'ono kuposa mphika, ndi bowo lolingana ndi mpope. Mpope ukhale wotseguka mbali zonse ziwiri ndi wofika pa msinkhu wa milomo ya mphika. Cibvundikiro cikhale cotukuka masentimita angapo pamwamba pa mpopewo kuti mpweya upeze pokhotera, ndi timabowo tating'ono m'mbali.

Cofunika kusamala ndi citsulo ca mphika weni-weniwo, cimene cikhudza cakudya. Malata ofolera nyumba sayenera, cifukwa ca mankhwala okutira amene ali nao. Aluminiyamu wosungunula kucokera ku zidutswa za injini ndi zinyalala zina angakhale ndi mtobvu, umene ndi poizoni woononga ubongo wa ana, ndipo ofufuza anaupeza m'mapoto otere m'maiko angapo a mu Afrika. Mmisiri agwiritse nchito aluminiyamu watsopano wa mapepala, kapena aboole poto ya m'sitolo ndi kuikamo mpope wa aluminiyamu yemweyo, woulumikiza mopinda ndi kukhoma, popanda mtobvu womatira. Wogula afunse kumene citsuloco cacokera asanapereke ndalama.